Mcheni, yisiti ndi mwana wotupikana: nkhani ya tizizindikiro ta pa DNA

Kuchoka ku Sunnyside kupita kumsika wa Limbe ndi kaulendo kakafupi. Mukangolowa mumsewu wa Masauko Chipembere mumadutsa pa Ginnery Corner pomwe pali chipatala cha Gulupu, kenako Chichiri, posakhalitsa kondakitala akukuwa kuti otsika atsike. Koma pa kaulendo komweka munthu amadutsa zinthu zitatu zimene zakhala zikuwasowetsa tulo asayansi a ku San Francisco, Cambridge ndi Houston. Choyamba ndi kafangasi kamene kamagoneka akuluakulu ku Gulupu ndi mutu woopsa. Chachiwiri ndi mwana wotupa mapazi m'wodi ya ana onyentchera. Chachitatu chili pa benchi la ogulitsa nsomba ku Limbe: mcheni ndi ndunduma.

Zitatuzi zikukumana pa funso limodzi. Tonse tinamva kuti malangizo a thupi ali mu DNA. Nanga amene amasankha kuti langizo ili liwerengedwe, ili likhale chotseka, ndani?

Buku limodzi, owerenga ambiri

Thupi lanu linapangidwa ndi maselo osawerengeka, ndipo pafupifupi selo lililonse lili ndi buku lofanana la DNA. Bukuli linalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa ka 3 biliyoni. M'katimo muli majini pafupifupi 20,000 opangira mapuloteni. Tikati majini pano sitikunena ziwanda zija amatulutsa asing'anga, ayi, tikunena timitu ta malangizo tomwe mwana amatengera kwa bambo ndi mayi ake.

Ndiye taganizani. Selo la chiwindi ndi selo la diso ali ndi buku limodzimodzi, koma chiwindi sichiona ndipo diso silipanga ndulu. Selo lililonse limawerenga masamba ake okha, ena onse linawamata. Njira zomatira zilipo zingapo, koma yomwe yafufuzidwa kwambiri ndi imene asayansi amaitcha methylation. Kachidutswa kakang'ono zedi kotchedwa methyl, atomu imodzi ya kaboni ndi atatu a haidrojeni, kamakamatidwa pa chilembo C, makamaka C wotsatidwa ndi G. Malo otere mu DNA ya munthu alipo pafupifupi 28 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi omatidwa. Timethyl tikaunjikana pakhomo pa jini, nthawi zambiri jiniyo imakhala chete. Chilembocho sichinasinthe, C akadali C. Chasintha ndi chakuti tsambalo silikutsegukanso.

Pali antchito awiri ofunika kuwadziwa, chifukwa tikumana nawonso kutsogoloku. Wina ndi mlembi woyambitsa, dzina lake DNMT3, amene amaika chizindikiro pamalo pomwe panalibe. Wina ndi wokopera, DNMT1. Selo likamagawika kukhala awiri, iyeyu amayenda m'mbuyo mwake n'kumakopera zizindikiro zakale pa DNA yatsopano. N'chifukwa chake selo la chiwindi limabereka la chiwindi, osati la khungu. Rollin Hotchkiss anaona C womatidwayu koyamba mu DNA ya mwana wa ng'ombe mu 1948, koma panadutsa zaka mpaka 1975 kuti Arthur Riggs, komanso Robin Holliday ndi John Pugh, anene maganizo akuti umu ndi momwe selo limakumbukira kuti ndi la mtundu wanji.

Chinayamba ngati mpanda

Chodabwitsa n'chakuti chida chimenechi sichinayambe ndi ntchito yosiyanitsa diso ndi chiwindi. Mabakiteriya, omwe alibe diso kapena chiwindi, nawo amamata methyl pa DNA yawo. Kwa iwo ndi chidindo cha umwini, ngati momwe amadindira ng'ombe. Vairasi ikalowetsa DNA yake yopanda chidindo, bakiteriya amaizindikira kuti ndi yachilendo n'kuiduladula.

Kenako pali gulu lalikulu la zamoyo zomwe maselo ake amasunga DNA m'kachipinda kapakati: nyama, zomera, bowa, yisiti, ndi ife anthu. Asayansi amati gulu lonseli linachokera ku kholo limodzi la selo limodzi lomwe linalipo zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo. Mu 2010 magulu awiri a ofufuza ku California anayerekeza zizindikiro za methyl mu zomera, nyama ndi mafangasi osiyanasiyana. Anapeza kuti chidachi ndi chakalekale m'banjali, ndipo chimaoneka m'malo awiri. Malo ena ndi m'kati mwenimweni mwa majini amene akugwira ntchito, zomwe zikutiuza kuti methyl si loko nthawi zonse, zimatengera pomwe wakhala. Malo enawo ndi pa tizidutswa ta DNA todumphadumpha.

Za tizidutswa todumphati tinazidziwa chifukwa cha chimanga. Barbara McClintock, mayi wa ku America, anatha zaka akuyang'anitsitsa maso a chimanga okhala ndi mathothomathotho, mpaka anazindikira kuti pali tizidutswa ta DNA tomwe timachoka pamalo pake n'kukalowa pena. Tikagwera pakati pa jini ya mtundu, mtunduwo umazima, tikachokapo umayakanso. Anzake anachedwa kumumvetsa, ndipo mphoto ya Nobel anailandira mu 1983 ali ndi zaka 81. (Musathamangire kunkhokwe. Chitsononkho chokhala ndi maso ena oyera ena ofiirira nthawi zambiri chimangosonyeza kuti mungu unachokera m'munda wa aneba. Za McClintock ndi mathotho a pa diso limodzi.)

Lero tikudziwa kuti pafupifupi 85 peresenti ya DNA ya chimanga ndi tizidutswa totere, ndipo mwa munthu ndi pafupifupi theka. Titati tonse tizidumpha mwaufulu, bukulo likhoza kung'ambika. Methyl amatikhazika pansi. Choncho nsima yomwe mudye usiku uno inachokera ku mbewu yomwe gawo lalikulu la DNA yake ndi alendo omangidwa miyendo.

Komatu si onse anasunga chidachi. Yisiti yomwe amayi amafufumitsira mandasi ilibiretu methylation yamtunduwu. Kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, kokondedwa m'malabu, nako kalibe, ndipo tintchentche timene timazungulira nthochi zakupsa tinataya pafupifupi yonse. Zamoyozi zimatseka majini ndi njira zina. Chifukwa chimodzi chotayira n'chakuti chidachi chili ndi mtengo wake: C womatidwa sachedwa kusanduka T mwangozi, ndipo kumeneko ndi kulakwika kwa kalembedwe kosafufutika. Pomwe ena ankataya, nyama za msana, kuyambira nsomba mpaka munthu, zinachita zosiyana. Zinafalitsa methyl pafupifupi pa DNA yonse, n'kusiya timipata pamakomo a majini ofunika kutseguka. Mpanda wotchingira akuba uja unasanduka makoma ndi zitseko za m'nyumba.

Kafangasi kokopera popanda mlembi

Aliyense amene anadwazikapo m'bale wa HIV m'zaka zomwe ma ARV anali asanafale amaukumbukira mutu uja wosamva panado, khosi louma, wodwala kuyamba kusokonezeka. Kawirikawiri choyambitsa chimakhala Cryptococcus neoformans, kafangasi kopezeka m'dothi, m'zitosi za nkhunda ndi m'mitengo yowola. Tonse timakapuma, koma kamagwira amene chitetezo chawo chatsika kwambiri. Blantyre ndi Lilongwe anali m'gulu la malo omwe kunachitikira kafukufuku wa AMBITION, pamodzi ndi Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Zotsatira zake mu 2022 zinasonyeza kuti mlingo umodzi waukulu wa mankhwala a liposomal amphotericin B, pamodzi ndi mapiritsi, umagwira ntchito mofanana ndi wa sabata yonse pa diripi, ndipo bungwe la WHO linasintha malangizo ake chaka chomwecho.

Kafangasi komweka kanapereka imodzi mwa nkhani zozizwitsa za methylation. Mu 2020 gulu la Hiten Madhani ku San Francisco linapeza kuti Cryptococcus alibe mlembi woyambitsa uja. Makolo ake anamutaya zaka zosachepera 50 miliyoni zapitazo. Anangotsala ndi wokopera yekha. Mwanzeru za wamba zizindikirozo zikanayenera kufufutika kalekale, ngati fotokope ya fotokope ya fotokope. Koma zilipobe, ndipo zambiri zakhala pa tizidutswa todumpha tija. Wokopera wakeyo salakwitsa wamba, mwa apo ndi apo chizindikiro chatsopano chimagwa mwangozi, ndipo maselo amene zizindikiro zawo zili pamalo oyenera ndi amene amapulumuka n'kuchulukana. Kalata yomwe mlembi wake anamwalira kale, koma ikukoperedwabe mpaka m'wodi ya ku Gulupu.

Nsomba za pachibale, matumbo osiyana

Tsopano tifike ku Limbe. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limodzi, ena amati yoposa 800: mbuna za m'miyala, utaka, mcheni wolusa uja wa mano akuthwa, ndunduma za m'madzi akuya. Usipa ndi kampango si a banjali, ndipo chambo ndi msuweni chabe wa nthambi ina. Mu 2018 ofufuza anawerenga DNA ya mitundu 73 ya nsombazi n'kupeza kuti imasiyana pang'ono zedi, pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti. Kunena kwina, pa zilembo 1,000 zilizonse, zosiyana ndi chimodzi, ziwiri, mwina zitatu. Anthu awiri osadziwana m'minibasi amasiyana pafupifupi chilembo chimodzi pa 1,000. Ndiye zatheka bwanji kuti mbuna yomwe imapala ndere pamwala ndi mcheni womeza nsomba zinzake akhale ndi buku lofanana chonchi?

Gawo la yankho linabwera mu 2021 kuchokera kwa Grégoire Vernaz, Eric Miska ndi anzawo ku Cambridge. Anayeza methylation m'chiwindi ndi mumnofu wa mitundu ingapo ya nsombazi, ndipo anapeza kuti ngakhale zilembo n'zofanana, zizindikiro n'zosiyana kwambiri. Kusiyanako kunachuluka pa tizidutswa todumpha tatsopano, komanso kunkayendera limodzi ndi kagwiridwe ntchito ka majini ogaya mafuta ndi kupanga mphamvu, zinthu zogwirizana ndi chomwe nsombayo imadya. Pafupifupi theka la malo osiyanawo anali ofanana m'chiwindi ndi mumnofu momwe, zomwe zikusonyeza kuti zizindikirozo zinaikidwa nsomba ikadali kamluza, ziwalo zisanapatukane.

Apa tisapupulume. Kafukufukuyu sananene kuti mbuna mukaidyetsa usipa isanduka mcheni. Anangoonetsa kuti mitundu ikamapatukana, sikuti zilembo zokha ndiye zimasintha, kawerengedwe nako kamasintha. Ndipo mawu oti "ikadali kamluza" ndi amene akutifikitsa pakhomo pathu.

M'mera mpoyamba

Methyl sagwa kumwamba. Thupi limamupanga kuchokera ku chakudya, kudzera mu methionine, folate, choline ndi mavitamini a B12, B6 ndi B2. Folate ali mu bonongwe, nkhwani, mpiru, chisoso, nyemba, nandolo ndi mtedza. Choline wachuluka m'mazira ndi chiwindi. B12 amapezeka m'zanyama zokha: usipa, matemba, mazira, mkaka, nyama. Mbale ya nsima ndi kandiwo kamadzimadzi imakhutitsa mimba, koma pa zinthu izi imapereka zochepa.

Nthawi yovuta kwambiri ndi masiku oyambirira a pathupi. Dzira likangokumana ndi umuna, zizindikiro zambiri za makolo zimafufutidwa, kenako m'masiku ochepa zimalembedwanso mwatsopano. Zonsezi zimachitika mayi asanadziwe n'komwe kuti waima.

Umboni woyamba wooneka ndi maso unachokera ku mbewa za m'labu. Mu 2003 Robert Waterland ndi Randy Jirtle anadyetsa mbewa zazikazi chakudya chowonjezeredwa folic acid, B12, choline ndi betaine. Ana ambiri anabadwa ndi ubweya wodera m'malo mwa wachikasu, chifukwa kachidutswa kodumpha komwe kali pafupi ndi jini ya mtundu kanamatidwa methyl wambiri. Majini omwewo, maonekedwe ena.

Kwa anthu, nkhani yodziwika ndi ya njala ya ku Netherlands m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 2008 ofufuza anayeza anthu amene mimba zawo zinatengedwa m'njalayo. Patapita zaka 60, anali ndi methyl wocheperako pa jini ya kakulidwe yotchedwa IGF2 poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Amene njala inawapeza mimba itakula kale analibe kusiyana kumeneku. Ku Gambia, komwe nyengo ya mvula ndi ya njala ngati Januwale ndi Febuluwale wathu, kafukufuku wa 2014 anasonyeza kuti ana otengedwa m'dzinja ndi otengedwa m'chilimwe amasiyana zizindikiro pa majini ena, mogwirizana ndi michere yomwe inali m'magazi a mayi panthawi yotenga mimba. Ndipo apa pali phunziro kwa okonda mayankho achidule: ana a m'nyengo yanjala ndi amene anali ndi methyl wochulukirapo pamalo amenewo, osati wochepa. Thupi si sikelo ya pagolosale.

Kuno nkhanizi sizachilendo. Agogo a ku Lunzu ndi madera ozungulira Blantyre amasimba za njala ya 1949, yomwe Megan Vaughan anailemba m'buku lake la 1987. Ana amene anabadwa m'njala ya 2002 lero ndi akuluakulu, ena ali ndi ana awo. Kodi ndiye kuti njala ya agogo inalembedwa mwa zidzukulu? Pa intaneti mupeza ambiri akunena motsimikiza kuti inde, ena mpaka kugulitsa mabotolo a mankhwala oti "amakonza majini". Sungani ndalama zanu. Mwa anthu zizindikiro zimafufutidwa kawiri pa m'badwo uliwonse, poyamba m'maselo opanga mazira ndi umuna, kenako m'kamluza. Zomera ndiye zimapatsirana zizindikiro mibadwomibadwo mosavuta. Kwa ife umboni wamphamvu uli pa mayi ndi mwana amene ali m'mimba, ndipo ngakhale pamenepo kusiyanako kumakhala kwa maperesenti ochepa. Si temberero.

Si nkhaninso yolozera chala amayi. Mayi sasankha mwezi wa njala, ndipo m'makomo ambiri amene amagwira chikwama ndi kulandira ntchafu ya nkhuku si iyeyo. Pena mpaka pamakhala mwambo woletsa woyembekezera kudya mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Dzira limenelo ndi limodzi mwa zakudya zotsika mtengo zokhala ndi choline ndi B12 pamodzi. Abambo, utsi wa fodya nawo umalemba. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri anapeza zizindikiro zosinthika m'magazi a makanda obadwa kwa amayi osuta, makamaka pa jini yotchedwa AHRR, ndipo mwa akuluakulu osuta chizindikiro chomwechi chimabwerera pang'onopang'ono munthu akasiya.

Pali chinthu chimodzi chimene madokotala sakayikira, kaya methylation ikukhudzidwa motani. Msana ndi ubongo wa mwana zimatsekeka pofika tsiku la 28 mimba itatengedwa, ndipo folic acid wokwanira nthawi imeneyo isanafike amachepetsa kwambiri ngozi yobadwa ndi msana wotseguka. Mlingo wolangizidwa ndi mamaikirogalamu 400 patsiku, kuyambira mayi asanaime. Mapiritsi owonjezera magazi amene amaperekedwa kusikelo ali ndi folic acid, koma amayi ambiri amayamba sikelo mimba itaoneka kale, ena poopa kuti anthu oipa angaione msanga. Pofika apo tsiku la 28 linadutsa kalekale. Banja lomwe likukonzekera mwana lingafunse za mapiritsiwa kuchipatala lisanayambe n'komwe.

Mwana wotupikana

Ana awiri a mudzi umodzi, odya phala lofanana, akhoza kudwala mosiyana. Wina amangowonda mpaka nthiti kuwerengeka. Wina amatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi kufiira n'kumathothoka, khungu kusupuka, chiwindi kudzaza mafuta. Wachiwiriyu ndi wa kwashiorkor. Kumudzi ena amati ndi tsempho, n'kuyamba kufunsana kuti ndani mwa makolo anayenda njira zosayenera, mwana akuipiraipira. Madokotala nawo akhala zaka zambiri akukangana kuti n'chifukwa chiyani wina amatupa wina ayi. Yankho lakale loti ndi kusowa mapuloteni basi silinakwanire.

Mu 2019 Katharina Schulze, Neil Hanchard ndi anzawo a ku Baylor College of Medicine ku Houston anafalitsa zomwe anapeza atayeza maselo a m'kati mwa tsaya a ana 309 onyentchera kwambiri a ku Malawi ndi Jamaica. Ana otupa anali ndi methyl wochepa pamalo ambiri a DNA poyerekeza ndi owonda chabe, ndipo ena mwa malowo ndi okhudza mafuta a m'chiwindi ndi shuga. Izi zinagwirizana ndi zomwe zinkadziwika kale, kuti mwana wa kwashiorkor amakhala ndi methionine wochepa m'magazi. Koma atayeza akuluakulu amene anadwala ali ana n'kuchira, kusiyana kuja sikunaonekenso. Zizindikirozo zikuoneka kuti zimabwerera thupi likapeza zofunika.

Sikuti kunyentchera sikusiya chipsera. Kafukufuku wa ChroSAM analondola ana omwe anagonekedwa m'wodi ya Moyo ku Gulupu mu 2006 ndi 2007. Patapita zaka 7, opulumukawo anali aafupi ndiponso a minofu yochepa mphamvu poyerekeza ndi anzawo. Gulu la Hanchard linapempha kuti aganizire zoyesa kuwonjezera michere yopereka methyl pa chithandizo cha ana otupa. Limenelo ndi pempho la kafukufuku, osati chilolezo chogulira mwana wodwala mabotolo a mavitamini ku famase. Chithandizo chomwe chimapulumutsa ana lero ndi mkaka wapadera wa kuchipatala, chiponde, ndi mankhwala othana ndi matenda obisala.

Kuyeza kwake n'kosavuta, ndipo alangizi a zaumoyo amachita momwemu. Dinani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, werengani masekondi atatu, kenako chotsani. Pakatsala kadzenje mbali zonse ziwiri, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuoneka wonenepa ndipo masaya ali phwii.